Akatswiri a tenisi amayambira kunsi kwa makwerero

Amalawi ambiri timawadziwa masewero a ku Mangalande kudzera mu mpira wamiyendo. Loweruka lililonse nyumba zoonetsera kanema pa Njuli, pa Mbulumbuzi ndi pa Namitambo zimadzaza ndi anthu okanganirana za Arsenal, Liverpool, Chelsea ndi Manchester United. Tenisi ikatchulidwa, amene amaidziwako amangokumbuka Wimbledon, mpikisano wa mumzinda wa London komwe osewera amavala zoyera zokhazokha ndipo ngakhale wogonja pandime yoyamba adalandira mapaundi 60,000 m'chaka cha 2024. Koma kunsi kwa Wimbledon kuli mipikisano yaing'onoing'ono yomwe wailesi zakanema sizionetsa. Ine, mphunzitsi wa sekondale yakumudzi kuno ku Chiradzulu, ndimatsatira palamya osewera a ku Britain amene amalimbana kumeneko, ndipo ndaona kuti nkhani zawo zikutikhudza ife makolo ndi aphunzitsi.

Tenisi yaukatswiri ili ngati makwerero. Pamwamba penipeni pali mipikisano inayi ikuluikulu: Australian Open, French Open, Wimbledon ndi US Open. Kenako pali mipikisano ya ATP ya abambo ndi ya WTA ya amayi. Pansi pake pali ya Challenger, ndipo kunsi kwenikweni kuli ya bungwe loyendetsa tenisi padziko lonse la ITF. Wosewera akapambana amatolera mapointi, ndipo mapointiwo ndiwo amamuika pa nambala inayake pamndandanda wa dziko lonse. Nambala yabwino ndiyo imatsegula khomo la mpikisano wapamwamba. Chovuta n'choti mapointi amafufutika pakatha masabata 52, choncho amene wavulala kapena wasowa ndalama yoyendera amatsetsereka ngakhale asanagonje ndi aliyense.

Mpikisano wotsikitsitsa wa abambo umatchedwa M15 chifukwa ndalama zonse za mphoto ndi madola 15,000, zogawana osewera onse. Wotenga chikho amalandira madola ongopitirira pang'ono 2,000, pomwe wogonja tsiku loyamba sapeza ngakhale madola 200. Tikazisintha kukhala makwacha zingaoneke zambiri, koma wosewera amadzilipirira yekha ndege, malo ogona, chakudya, mphunzitsi ndi zingwe za raketi. Salandira malipiro a pamwezi monga wosewera mpira wa timu. Bungwe la ITF lidapeza zaka zingapo zapitazo kuti mwa osewera pafupifupi 14,000 amene ankalowa m'mipikisano yaukatswiri, pafupifupi theka sankapata ndalama ina iliyonse.

Wina angafunse kuti bwanji kutsatira a ku Britain. Chifukwa chake n'choti dzikolo ndi limodzi mwa maiko amene tenisi ili ndi chuma. Phindu lalikulu la Wimbledon limapita ku bungwe lawo la tenisi la LTA chaka ndi chaka. Ngati kumene kuli ndalama chonchi osewera akuvutika kukwera, ndiye kuti nkhani zawo zikutionetsa kulemera kwenikweni kwa ulendowu.

Tengani Billy Harris, amene adakulira pachilumba cha Isle of Man. Kwa zaka zoposa zitatu ankazungulira maiko a ku Ulaya pa galimoto ya mtundu wa Ford Transit. M'galimotomo adaikamo bedi ndi makina olukira zingwe za raketi, ndipo ankaphika yekha m'mbali mwa msewu kuti apulumutse ndalama ya hotela. Anzake ambiri a msinkhu wake adasiya. Iye adadzadziwika mu June 2024, ali ndi zaka 29, pomwe adafika ndime ya osewera 8 otsala pa mpikisano wa Queen's Club ndi ya osewera 4 otsala ku Eastbourne. Chaka chomwecho adasewera ku Wimbledon. Amene tinkaona dzina lake m'zotsatira za mipikisano yopanda oonerera tidadziwa kuti mwezi umodzi wa chisangalalo udagulidwa ndi zaka pafupifupi khumi.

Nkhani ya Marcus Willis ndiyo imandigwira mtima monga mphunzitsi. M'chaka cha 2016 adali pa nambala 772 padziko lonse ndipo ankapeza chakudya pophunzitsa anthu tenisi pakalabu ina ku Warwick. Adapambana masewero 6 a chipulula kuti alowe Wimbledon, ndipo mwa amene adawagonjetsa mudali anyamata awiri a ku Russia omwe panthawiyo sankatchuka, Andrey Rublev ndi Daniil Medvedev. Medvedev yemweyo adadzatenga US Open mu 2021 n'kukhala nambala 1 padziko lonse mu 2022. Willis adagonjetsanso Ricardas Berankis pandime yoyamba, kenako adakumana ndi Roger Federer pabwalo lalikulu la Wimbledon. Adagonja, koma tsikulo anthu adaona kuti luso lenileni likhoza kubisala pa nambala 772.

Kumbali ya amayi, Emma Raducanu adalemba mayeso ake omaliza a sekondale mu 2021, ndipo mu September chaka chomwecho, ali ndi zaka 18 komanso ali pa nambala 150, adatenga US Open atayambira m'chipulula. Adapambana masewero 10 motsatizana osaluzako seti ngakhale imodzi, chinthu chomwe wochokera m'chipulula adali asanachitepo. Francesca Jones adabadwa ndi zala zinayi kudzanja lililonse ndi zala 7 kumapazi onse awiri, koma adadutsa m'mipikisano ya ITF mpaka kufika ku Australian Open mu 2021. Ngakhale Andy Murray, amene adatenga Wimbledon kawiri, sadachite manyazi kutsikira ku Challenger atachitidwa opaleshoni ya m'chiuno. Mu 2023 adapambana itatu: ku Aix-en-Provence, ku Surbiton ndi ku Nottingham.

Tisanamizane kuti aliyense wolimbikira amafika. Pa Harris mmodzi pali mazanamazana amene amabwerera kwawo ndi ngongole ndi mawondo otha. Umphawi wa kunsiku umakopanso anthu a juga. Masewero ang'onoang'onowa amabetcheredwa palamya padziko lonse, ndipo bungwe loona za chilungamo mu tenisi la ITIA limaletsa osewera chaka ndi chaka chifukwa chogulitsa masewero. Ena amene sadalakwe kanthu amatukwanidwa pa intaneti ndi anthu amene ataya ndalama pobetcha. Achinyamata athu amene ayamba kubetcha pa mayina omwe sawadziwa n'komwe adziwe kuti kuseri kwa dzinalo kuli munthu amene mwina sadadye bwino dzulo lake.

Nanga kuno ku Africa? Ku Monastir m'dziko la Tunisia ndi ku Sharm El Sheikh m'dziko la Egypt kumachitika mipikisano ya ITF pafupifupi sabata iliyonse, ndipo Angerezi ambiri amapita kukasaka mapointi kumeneko. Tunisia yomweyo ndiyo kwawo kwa Ons Jabeur, amene adafika ndime yomaliza ya Wimbledon mu 2022 ndi 2023. Mzinda wa Kigali ku Rwanda udayamba kuchititsa mipikisano ya Challenger mu 2024. Pafupi nafe pano, ku Zimbabwe, bambo Don Black adamanga mabwalo a udzu pakhomo pawo ku Harare. Ana awo Byron ndi Wayne adagonjetsa Australia kwawo komweko pa mpikisano wa maiko wa Davis Cup mu 1998, ndipo mlongo wawo Cara adatenga chikho cha osewera awiriawiri aakazi ku Wimbledon katatu. Ponseponse pamene patuluka katswiri, padali bwalo lapafupi ndi mpikisano wapafupi.

Kwathu kuno mabwalo a tenisi amapezeka kwambiri m'makalabu a m'tauni monga Blantyre Sports Club ndi m'sukulu zochepa za anthu opeza bwino. Kuchokera ku Chiradzulu kupita ku Limbe si mtunda wautali, koma kwa mwana wa m'mudzi bwalo la tenisi lili ngati lili kutsidya kwa nyanja. Komatu tikudziwa zomwe zimachitika masewero akafika pasukulu iliyonse. Mpira wamanja uli ndi bwalo pafupifupi pa pulayimale iliyonse, ndipo n'chifukwa chake timu ya Queens idagonjetsa New Zealand 57-53 pa masewero a Commonwealth mu 2018, komanso Mwawi Kumwenda adakasewera ku Australia. Atsikana amenewa adali ndi poponda poyamba.

Chosangalatsa n'choti bwalo la tenisi ndi lamamita 23.77 m'litali ndi 10.97 m'lifupi, pomwe la mpira wamanja ndi lamamita 30.5 ndi 15.25. Izi zikutanthauza kuti mizere ya tenisi ingalowe m'bwalo lomwe tili nalo kale. Ukonde wake ndi wosafika mita imodzi kutalika pakati. Kwa ana oyamba kumene, chingwe, phulusa lolembera mizere, khoma losalala ndi maraketi angapo n'zokwanira. Chomwe chikusowa ndi mphunzitsi mmodzi wophunzitsidwa malamulo ake pa zoni iliyonse, ndi mpikisano wa sukulu zoyandikana kamodzi pa teremu. Bungwe loyendetsa tenisi m'dziko muno, khonsolo ya zamasewero ndi ofesi ya maphunziro ya boma lino angayambe ndi sukulu zitatu kapena zinayi, n'kuona chomwe chingatuluke.

Kwa makolo anzanga ndi ophunzira, phunziro la osewera a kunsiwa limapitirira tenisi. Ana athu ambiri akalephera mayeso a MSCE kamodzi amaganiza kuti zawo zathera pomwepo, ndipo ife akuluakulu timafulumira kuwatsimikizira zimenezo. Harris adagonja kambirimbiri m'matauni omwe mayina ake sitingathe kuwatchula, koma Lolemba lotsatira ankalembetsanso mpikisano wina. Raducanu sadasiye sukulu kuti asewere, adachita zonse ziwiri. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife amene timayang'anira ana tidekhe nawo, koma tiwapatsenso bwalo loti ayesere. Mwana amene sadagwirepo raketi sitingadziwe chomwe dzanja lake likadachita.