Kugulitsa Mbewu Kudzera m'Kabuku ka Zithunzi ka pa Foni

Wogulitsa nsalu amaitambasula kuti wogula aione, ndipo wogulitsa njinga amalola munthu kuikwera asanalipire. Ife a malonda a mbewu tilibe mwayi woterowo. Mlimi akalowa m'golosale mwezi wa Novembala amaona paketi yomata, dzina la mbewu ndi mtengo wake basi, pomwe ubwino weniweni wa chimene akugulacho udzaoneka patatha miyezi inayi kapena isanu. N'chifukwa chake takhala tikudalira minda yachionetsero. Koma munda wachionetsero umakongola mu Febuluwale ndi Malichi, ndipo nyengo yogula mbewu ikamafika pamundapo pamakhala mapesi okhaokha.

Kabuku ka zithunzi ka pa foni kangathe kutseka mpata umenewu. Nzeruyi inachokera kwa amalonda a zovala, amene amasonkhanitsa zithunzi za anthu atavala zovala za nyengo yatsopano m'kabuku kamene pa Chingerezi amakatcha lookbook. Kabukuka katasamukira pa intaneti anakawonjezera chinthu chimodzi: munthu akaona chovala chimene wachikonda amadina pachithunzipo, amaona mtengo, n'kuitanitsa nthawi yomweyo. Ngakhale makampani akuluakulu anasiya mapepala. Kampani ya mipando ya IKEA, imene inayamba kusindikiza katalogi yake mu 1951 ndipo mu 2016 inatulutsa makope 200 miliyoni, inalengeza mu Disembala 2020 kuti yaleka kusindikiza popeza makasitomala ake anali atasamukira pa intaneti.

Kuti muyambe sipafunika tsamba lanulanu la pa intaneti kapena katswiri wa kompyuta. Pulogalamu ya WhatsApp Business, imene inatuluka mu 2018, ili ndi katalogi kuyambira mu 2019, ndipo mu 2020 anaikamo kadengu kosonkhanitsiramo zinthu zimene wogula wasankha. Katalogiyo imalola zinthu zokwana 500, chilichonse ndi zithunzi zake, dzina, mtengo ndi mawu ofotokoza. Mlimi akasankha mbewu ndi kuchuluka kwa mapaketi, oda yake imafika kwa inu ngati uthenga wamba. Pulogalamuyi ndi yaulere, ndipo alimi ambiri amene ali ndi foni zamakono amaidziwa kale WhatsApp.

Kusiyana kwa kabuku kotere ndi mndandanda wa mitengo

Mndandanda umangotchula dzina ndi mtengo. Kabuku ka zithunzi kamayankha mafunso amene mlimi amafunsa akaima pamunda wachionetsero. Pa chimanga amafuna kuona mmera uli m'munda, chisononkho chosenda, maso ake, komanso ngati makoko amafunda mpaka kunsonga kuti mvula ndi anankafumbwe zisalowe. Amayi ambiri amafunsa ngati chimangacho chimakonoka bwino mumtondo kapena kuchigayo. Pa mtedza, monga CG7 kapena Chalimbana, wogula amafuna kuona kukula ndi mtundu wa njere, chifukwa ndi zimene msika umayang'ana. Pa nyemba za NUA45 ndi bwino kutchula kuti zili ndi michere yambiri ya ayironi ndi zinki, ndipo pa soya, monga Tikolore, kutchula masiku amene amatenga kuti akhwime.

Choncho tsamba la mbewu iliyonse likhale ndi zithunzi zitatu kapena zinayi ndi mawu ochepa osankhidwa bwino: dzina limene mbewuyo inalembetsedwa nalo, kampani imene inaichulukitsa, masiku okhwimira, madera amene imachita bwino, matenda amene imapirira, kukula kwa paketi ndi mtengo. Onjezeraninso malo amene paketiyo ingakwanire. Pa kabzalidwe ka mizere yotalikirana masentimita 75, mapando otalikirana masentimita 25, njere imodzi paphando, hekitala imodzi imalowa mbewu ya chimanga pafupifupi makilogalamu 25, ndipo ekala imalowa pafupifupi makilogalamu 10. Mlimi akadziwa zimenezi amawerengera yekha mapaketi amene akufuna, ndipo sabwerera kunyumba ndi mbewu yoperewera.

Tikulangizanso kuti kabukuka kasanjidwe motsata kaganizidwe ka mlimi. Iye sayamba ndi dzina la kampani. Amayamba ndi dera lake ndi mvula imene akuyembekezera. Wa kuchigwa chotentha monga cha Shire, Luangwa kapena Zambezi amafuna mbewu yocha msanga ndi yopirira ng'amba, pomwe wa kumtunda kumene mvula imagwa nthawi yaitali angathe kubzala yochedwa kucha imene imabereka kwambiri. Chilala cha nyengo ya 2023/24, chimene chinachititsa Zambia, Malawi ndi Zimbabwe kulengeza kuti mayikowa ali pangozi, chinaphunzitsa ambiri kufunsa za masiku okhwimira asanafunse za mtengo. Magulu monga "zocha msanga", "zapakatikati" ndi "zochedwa kucha" amamufikitsa mlimi pamene akufuna mosavuta.

Chithunzi chinene zoona

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Wogulitsa zovala akakometsa chithunzi mopitirira, wogula amangobweza chovalacho. Mlimi sangabweze mbewu imene wabzala kale. Ikamulephera wataya feteleza, ganyu amene analipira ndi chakudya cha banja cha chaka chonse, ndipo dzina la golosale imene anagulako limamveka mudzi wonse. Pa chifukwa chimenechi zithunzi zikhale za mbewu yeniyeniyo, zojambulidwa m'munda wachionetsero wanu kapena zopatsidwa ndi kampani imene inachulukitsa mbewuyo. Musatole zithunzi pa intaneti, ndipo musaike chisononkho cha mtundu wina pansi pa dzina la mtundu wina. Lembani boma ndi nyengo imene chithunzicho chinajambulidwa. Ngati mundawo unali wothirira, nenani. Mukatchula zokolola zimene mbewu ingabereke, fotokozani kuti chiwerengerocho chimatheka ndi feteleza wokwanira, kupalira pa nthawi yake ndi mvula yabwino. Mukafuna kuonetsa nkhope ya mlimi kapena munda wake, yambani mwamupempha.

Zithunzi zikhalenso zopepuka. Bandulo ndi yodula kwa alimi ambiri ndipo netiweki ya kumidzi ndi yofooka, kotero chithunzi cholemera chimakana kutsekuka ndipo munthu amatopa n'kusiya. Kanema wautali ndi wosafunika. Mawu akhale m'chinenero chimene makasitomala anu amalankhula.

Malamulo sasintha chifukwa malonda ali pa foni

Mbewu yotsatsidwa pa foni imatsata malamulo omwewo a mbewu ya pashelefu. Ku Malawi kuli lamulo la mbewu la 2022, ndipo ntchito yoyesa ndi kutsimikiza mbewu yakhala ikuchitikira ku Chitedze. Ku Zambia ntchitoyi ili m'manja mwa Seed Control and Certification Institute ku Chilanga. Mayiko a COMESA anavomereza malamulo ogwirizana a malonda a mbewu mu 2014, ndipo SADC nayo ili ndi dongosolo lake ndi mndandanda wa mitundu yovomerezeka m'chigawo chino. Uthenga wa pa foni umadumpha malire mosavuta: kabuku kopangidwira ku Mchinji kangafike ku Chipata kapena ku Angónia tsiku lomwelo. Mbewu yokha siingadutse popanda zikalata zoyenera, ndipo mtundu umene sunaloledwe m'dziko la wogulayo musautumizeko.

Kabukuka kangakhalenso chida cholimbana ndi mbewu zachinyengo. Tonse tikuwadziwa anthu amene amapaka utoto chimanga cha m'nkhokwe n'kuchiika m'mapaketi ofanizira. Ikani m'kabukumo chithunzi cha paketi yeniyeni, kutsogolo ndi kumbuyo, ndi chizindikiro cha boma chimene chimaonetsa nambala ya gulu la mbewuyo, tsiku loyesedwa ndi kameredwe kake. Mlimi amene waona paketi yeniyeni pafoni yake amakayikira akapatsidwa yosiyana nayo pamsika. Onetsaninso dzina la golosale yanu, pamene ili ndi chiphaso chanu chogulitsira mbewu, chifukwa akathyali nawo amatha kukopera zithunzi zanu.

Kuchokera pa oda kufika pa paketi

M'mayiko athu malipiro sadutsa mu WhatsApp momwemo. Amadzera pa Airtel Money, TNM Mpamba, MTN MoMo, M-Pesa kapena EcoCash, malinga ndi dziko. Gwiritsani ntchito nambala imodzi yolembetsedwa m'dzina la bizinesi, ndipo musalole kuti ndalama zizitumizidwa ku nambala ya wantchito. Musanauze munthu kuti alipire, tsimikizani kuti mbewuyo ilipo. Mtundu ukatha ubiseni m'kabukumo tsiku lomwelo, ndipo mtengo ukasintha konzani msanga, pakuti mlimi amene wayenda ulendo wautali n'kupeza mtengo wina sadzakhulupiriranso kabuku kanu. Perekani lisiti pa malonda aliwonse. Mbewu ikamatumizidwa pa minibasi kapena kabaza itetezedwe ku dzuwa ndi chinyezi, popeza ndi chinthu chamoyo.

Tisaiwale kuti alimi ambiri alibe foni zamakono. Kabukuka kamawafikira kudzera mwa alimi otsogola, alangizi, makalabu, magulu a banki m'khonde ndi ana awo a m'tauni amene amawagulira zipangizo zaulimi. Foni imodzi ingaonetse kalabu yonse, ndipo kalabuyo ingaitanitse pamodzi n'kugawana mtengo wa mayendedwe. Ngakhale m'golosale momwemo wogulitsa angatsegule kabukuka pakauntala n'kuonetsa mlimi mmene mbewu ya m'paketiyo imaonekera ikakula.

Ntchitoyi ili ndi kalendala yake. Zithunzi za mmera zimajambulidwa kuyambira Januwale mpaka Malichi, za zokolola mu Epulo ndi Meyi. Kabuku kamasanjidwa m'miyezi yozizira, ndipo kayenera kukhala katafika m'manja mwa alimi pofika Seputembala, iwo asanagawe ndalama zimene apeza pogulitsa zokolola. Amene muli ndi minda yachionetsero nyengo ino, yambani ndi mitundu isanu kapena khumi imene imayenda malonda kwambiri m'dera lanu, muijambule pa msinkhu uliwonse ndipo mulembe tsiku la chithunzi chilichonse.