Kodi Mumadziwa? Zidzukulu za Machona ku Zimbabwe

Kodi mumadziwa kuti Chichewa chili m'malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe? Malamulo a mu 2013 amatchula zilankhulo 16 zovomerezeka ndi boma, ndipo Chichewa chili pomwepo limodzi ndi Chishona ndi Chindebele. Ambiri mwa ochilankhula kumeneko ndi zidzukulu za machona a ku Nyasaland, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete.

Agogo awowo anapita bwanji? Oyambirira ankauyamba wapansi, milungu yathunthu m'thengo, msonkho wa atsamunda utawafika m'khosi. Kenako kunabwera magalimoto a Ulere ndi bungwe la Mthandizi, lomwe linkalemba anthu ntchito za m'mafamu a fodya ndi m'migodi. Nthawi ya chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, njira ya ku Salisbury sinkamera udzu.

Kodi mumadziwa kuti Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay anagwirapo ukalaliki pa mgodi wa Shamva asanakayambitse bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919? Pa mgodi womwewo antchito ananyanyala mu 1927, Anyasa ali patsogolo.

M'makomboni anthuwa sanataye zakwawo. Ankasonkherana ndalama za maliro kuti mnzawo asaikidwe ngati wopanda abale. Ayao anamanga mizikiti, ndipo CCAP ili ndi Sinodi ya Harare mpaka lero. Gule wamkulu nayenso anawoloka Zambezi: Ashona amati zvigure, ndipo pa mafamu a ku Mashonaland zilombo zimatulukabe, ng'oma zikulira, amayi akuwomba m'manja.

Koma ana awo anakula akulankhula Chishona chosamveka chilendo, anakwatirana ndi eni dziko, ambiri osapondako n'komwe ku Malawi. Ngakhale zinali choncho, ankanyozedwabe kuti mabhurandaya, ndipo pa chitupa ankawadinda chilembo cha A, kusonyeza mlendo. Apa ndiye pamene pamandipweteka. Munthu mchombo chake chinagwera ku Mazowe, bambo ake anagona pa manda a pafamu pomwepo, ulendo wake ndi wa kuti?

Kodi mumadziwa kuti lamulo la mu 2001 linalanda ambiri a iwo unzika? Pogwiritsa ntchito lamuloli, boma linkafuna kuti aliyense amene angakhale ndi mwayi wa unzika wa dziko lina aukane potsata malamulo a dzikolo, pa miyezi 6 yokha. Wantchito wa pafamu wopanda ya basi ankayenera kukafika ku ofesi ya kazembe ku Harare kukakana unzika umene sanaugwirepo m'manja. Ochuluka analephera, ndipo pa chisankho cha 2002 anabwezedwa osavota.

Mavuto anabwera mounjikana. Kulanda mafamu kutayamba mu 2000, ntchito ndi nyumba za m'komboni zinathera limodzi. Mu 2005 boma linagwetsa nyumba m'matauni pa Operation Murambatsvina, ndipo United Nations inawerengera kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera ndalama. Ogwetseredwawo ankauzidwa kuti abwerere kumudzi. Mshona anali nako kopita. Mwana wa tchona analibe mfumu, analibe munda.

Komatu dziko lomwelo limavina nyimbo za Alick Macheso, katswiri wa sungura wobadwira ku Shamva, yemwe magazi ake ndi a ku Malawi ndipo amaimbanso m'Chichewa. Benjani Mwaruwari, wobadwira ku Bulawayo kwa makolo ochokera ku Malawi, anasewera ku Portsmouth ndi Manchester City, n'kukhalanso kaputeni wa timu ya Zimbabwe.

Malamulo a 2013 anakonzako zinthu: wobadwira m'dzikomo malamulowo asanakhazikitsidwe, amene kholo lake ndi la dziko la SADC, ndipo ankakhala momwemo pa nthawiyo, ndi nzika yobadwa. Chatsala ndi mapepala. Mayi wopanda chitupa amavutika kutengera mwana wake chikalata chobadwira, ndipo mwana wopanda chikalatacho amakakamira pa mayeso a boma, pa ntchito yolembedwa ndi pa pasipoti. Lipoti la Amnesty International la mu 2021 linatchula chiwerengero cha UNHCR chakuti anthu pafupifupi 300,000 ku Zimbabwe ali pa chiopsezo chokhala opanda dziko, ndipo zidzukulu za machona zili m'gulu limeneli.