Banja la Maguire: Dzina Limene Linatsala Kutsidya kwa Nyanja

Asodzi a ku Senga Bay ndi ku Chipoka amawadziwa mapiri a kwa Makanjira amene aoneka kutsidya kwa nyanja. Pansi pa mapiriwo pali malo otchedwa Fort Maguire. Ambiri amatchula dzinali, koma owadziwa eni ake ndi owerengeka. Mwezi uno tikufotokozerani za banja limeneli.

A Maguire anali a ku Ireland. Atate wao anali mbusa wa mpingo, ndipo mwa ana ao awiri anadza ku Afrika. Wina, Rochfort Maguire, anabadwa m'chaka cha 1855 m'boma la Limerick. Pophunzira ku Oxford anapalana ubwenzi ndi Cecil Rhodes, ndipo ubwenziwo ndiwo unamlowetsa m'malonda a migodi.

Mu 1888 Rhodes anatuma Maguire, Rudd ndi Thompson kwa Lobengula, mfumu ya Amandebele. Maguire, popeza anali wodziwa malamulo, anathandiza kukonza pangano. Mfumu inalonjezedwa £100 mwezi uliwonse, mfuti 1,000 ndi zipolopolo 100,000, ndipo iyo inapereka miyala yonse ya mtengo wapatali ya m'dziko lake. Lobengula sanali wodziwa kuwerenga. Pamene anazindikira zimene zinalembedwa anakana panganolo, koma madzi anali atafika kale m'khosi. Ndi pepala lomwelo Rhodes anapeza chilolezo cha kampani ya British South Africa Company mu 1889, ndipo mu 1893 ufumu wa Lobengula unagwa.

Nanga izi zifika bwanji ku nyanja yathu? Kampaniyo inali kupereka £10,000 pa chaka kwa Bwana Harry Johnston kuti ayendetsere Boma m'dziko muno. Johnston anafuna asilikali, ndipo amene anadza nao kuchokera ku India mu 1891 anali mbale wake wa Rochfort, Kaputeni Cecil Maguire.

Masiku amenewo zombo za Mfumu Makanjira zinali kuolotsa akapolo kuchokera tsidya lino. Mu December 1891 Kaputeni Maguire anakwera sitima ya Domira, dzina limene a ku Salima alidziwa bwino, napita kukatentha zombozo. Pobwerera ku sitima anaomberedwa ali m'madzi nafa pomwepo. Dokotala ndi mmisiri wa sitimayo anapita kumtunda kukapempha mtembo, naonso anaphedwa. Mu 1893 asilikali a Boma anapirikitsa Makanjira, ndipo linga limene anamanga pamalopo analitcha Fort Maguire.

Rochfort anakhala ndi moyo zaka zina zambiri. Kuyambira 1890 mpaka 1895 anali phungu woimira anthu a ku Ireland m'nyumba ya malamulo ku London. Mu 1895 anakwatira Julia Peel, mwana wa Sipikala wa nyumbayo. Mu 1923 anakhala mkulu wa kampani ija, namwalira mu 1925.

Tsono onani, awerengi: mbale wina anagwira mfuti, wina anagwira cholembera, koma cholembera ndicho chinatenga dziko lalikulu. Chifukwa chake munthu akadza ndi pepala lofuna munda wanu kapena dooko la m'mudzi mwanu, musafulumire kudinda chala. Itanani wodziwa kuwerenga amene mumkhulupirira, awerenge mau onse mokweza pamaso pa a mfumu ndi anthu, ndipo pepala lina lofanana nalo litsale m'mudzi.