Matabwa a laminate aloze kuti? Ganizani kaye asanadule loyamba

Mwasunga ndalama kwa miyezi, mwagula mabokosi a laminate, mmisiri wafika ndi sowo yake. Kenako akufunsani: "Bwana, tiyale kuloza kuti?" Ambirife timangoti, "Mukudziwa ndinu." Koma nkhani yagona pomwepa. Matabwa akadulidwa basi adulidwa, ndipo mukadzasintha maganizo ndiye kuti mukagulenso mabokosi ena.

Yambani ndi kuwala. Imani pakhomo la pabalaza masana, muone mbali yomwe dzuwa likulowera. Matabwa akayalidwa motsatira kuwalako, kuchoka pa zenera lalikulu kulowa m'kati, mizere yolumikizira sioneka kwambiri. Akayalidwa mopingasa, mzere uliwonse umakhala ndi kamthunzi kake, moti ngakhale pamene pakwera pang'ono diso limapaona msanga.

Kenako onani khoma lalitali. Kuyala motsatira khoma limeneli kumapangitsa chipinda kuoneka chachitali, komanso mmisiri sadula matabwa ambiri. Nanga zenera likakhala pa khoma lalitalilo, malangizo awiriwa n'kusemphana? Apo sankhani chomwe maso amaona munthu akangolowa pakhomo. Mukolido simufunika kukangana: matabwa atsatire kutalika kwake. Mukawapingasa, koridoyo imaoneka ngati makwerero, ndipo tizidutswa totayika timachuluka.

Ngati zipinda zikulumikizana, yesetsani kuti zonse ziloze mbali imodzi. Nyumba imaoneka yotakasuka. Pofunika kusintha, sinthirani pakhomo, pomwe kachitsulo kophimbira kamabisa mpatawo.

Pansi pake pali chiyani? Pa simenti, monga zilili nyumba zambiri kwathu kuno, mbali iliyonse ndi yotheka, bola pansipo pakhale posalala, pouma, ndipo payalidwe pulasitiki yotchinga chinyontho. Laminate m'kati mwake ndi utuchi wotsindira, ukamwa madzi umafufuma. Ngati pansi ndi pa matabwa okhomera pa mitanda, laminate idutse mopingasa matabwa akalewo kuti isamapindike mukaponda.

Ena amakonda kuyala mopendekeka, kuchoka pa ngodya kupita pa ngodya ina. Zimakongola ndithu, koma thumba limamva. Poyala mowongoka mumaonjezera pafupifupi 10 peresenti ya matabwa kaamba ka zodulidwa, pomwe mopendekeka mumafunika pafupifupi 15 peresenti.

Mbali iliyonse yomwe mwasankha, mabokosi agone m'chipindamo maola 48 asanayalidwe. M'mbali mwa makoma musiye mpata wa mamilimita 8 mpaka 10, chifukwa laminate imatambasuka kukatentha. Mapeto a matabwa oyandikana atalikirane masentimita osachepera 30.

Ndiye musanalole sowo kulira, tsegulani bokosi limodzi. Yalani matabwa asanu kapena asanu ndi limodzi osawalumikiza, jambulani pafoni muli pakhomo, kenako muwatembenuze mujambulenso. Chitani zimenezi m'mawa komanso madzulo. Pansi pamenepo mudzapaponda zaka zambiri, choncho mmisiri akadikira tsiku limodzi palibe chomwe chawonongeka.