Udzu wa chuku ndi chakudya choonjezera cha ng'ombe

Ku Amereka, m'zigawo za Kentucky, Tennessee, Missouri ndi Arkansas, alimi ambiri amaweta ng'ombe za nyama. Ng'ombezo zimadya udzu wochita kubzala. Dzina lake ndi tall fescue. Mtundu wofala kwambiri umatchedwa Kentucky 31, pakuti unapezeka m'munda wina ku Kentucky m'chaka cha 1931.

Udzu umenewu ndi wolimba. Suuma msanga ndi dzuwa. Ng'ombe zikaudya mpaka pansi, umaphukanso. Chotero alimi anaukonda, naubzala m'mabusa ambiri.

Koma ng'ombe sizinali kunenepa bwino. Nyengo yotentha zinali kupuma mwaphuma. M'malo modya, zinali kungoima pamthunzi kapena m'madzi. Ubweya wa nyengo yozizira sunali kuthothoka. Zazikazi zinali ndi mkaka wochepa, ndipo zina sizinali kutenga bere. Nyengo yachisanu zina zinali kutsimphina. Pena chiboda kapena nsonga ya mchira inali kuuma ndi kuduka.

Kodi chinali chiani?

M'chaka cha 1977 akatswiri a ku Georgia anapeza kuti m'kati mwa udzuwo muli chuku. Ife timadziwa chuku cha pa nsima yogona, choonekera kunja. Ichi ndi china. Chimakhala m'kati mwa tsinde ndi m'njere, ndipo maso sangachione. Udzu umaoneka wabwinobwino. Chukucho chimapanga ululu. Ululuwo ukalowa m'thupi, umapanikiza mitsempha ya magazi. Magazi safika bwino kukhungu, ndiye ng'ombe imalephera kutaya kutentha. Safikanso bwino kumapazi ndi kumchira. Ndicho chifukwa chake ziwalozo zimafa.

Wina anganene kuti, "Bwanji osangozula udzuwo?" Anayesa. M'zaka za m'ma 1980 anabzala fescue wopanda chuku. Ng'ombe zinanenepa, koma udzu sunakhalitse. Chuku chomwecho ndicho chinali kuuteteza ku chilala ndi tizilombo. Cha m'ma 2000 kunabwera mbeu ina, yokhala ndi chuku chosadwalitsa ng'ombe. Mbeuyo ndi yabwino, koma kusintha busa lonse kumadya ndalama zambiri, ndipo busalo limakhala miyezi yambiri osadyetsamo. Alimi ambiri akadali ndi udzu wakale uja.

Tsono iwo amapatsa ng'ombe chakudya choonjezera. Amazipatsa makoko a soya. Amazipatsanso zotsala za chimanga zochokera m'mafakitale, zonga madeya ndi masese. Ng'ombe ikadya zimenezi m'mawa, imadya udzu wocheperapo kubusa. Udzu ukachepa, ululu wolowa m'thupi umachepanso. Komanso ng'ombe yodwala ululuwu siikonda kudya, ndiye chakudya champhamvu chimabwezera zimene yasowa. Timvetse bwino pamenepa: makoko a soya sachotsa ululu. Amangousungunula, monga madzi asungunula mchere mu ndiwo.

Alimi ena amabzala red clover pakati pa udzuwo. Ndi chomera cha m'gulu la nyemba. Ng'ombe imadya zonse pamodzi, ndipo ululu umasungunukanso. Koma red clover ali ndi ntchito inanso. Akatswiri a ku Lexington, ku Kentucky, anapeza kuti m'masamba mwake muli chinthu chotchedwa biochanin A, chimene chimamasula mitsempha yopanikizika ija. Njira imeneyi ndi yanzeru, chifukwa chakudya choonjezeracho chimamera m'busa momwemo.

Palinso mchere wonyambita. Udzu wa chuku kawirikawiri umakhala ndi kopa wochepa, ndipo ng'ombe yosowa kopa imakhala ndi ubweya wosaoneka bwino, nidwala msanga. Chotero mumcherewo amasakanizamo kopa, zinki ndi seleniyamu. Mchere umenewu usapatsidwe kwa nkhosa. Kopa wokwanira ng'ombe angathe kupha nkhosa.

Amalonda amagulitsa matumba ambiri olembedwa kuti ndi a ng'ombe zodya fescue. Ena amathandiza pang'ono. Koma palibe thumba limene limathetsa ululu wonse, ndipo mlimi wokhulupirira thumba lokha amataya ndalama. Ululu umachuluka m'ngala za udzu. Umachulukanso akathira feteleza wambiri wa naitrojeni. Mwa ichi mlimi wosamala amatchetcha ngala njere zisanakhwime, ndipo m'miyezi yotentha kwambiri amasamutsira ng'ombe ku busa la udzu wina.