Kuli shuga wotsekemera amene sakweza shuga m'magazi

M'nyumba zogulitsa tiyi pa Liwonde, pa Ntaja kapena ku Balaka, kasitomala sasangalala akapatsidwa tiyi wosamveka shuga. Masipuni atatu kapena anayi m'kapu imodzi ndi zachizolowezi, ndipo pambali pamakhala mandasi. Kunyumba nako phala la ana ndi thobwa sizipita popanda shuga. Koma nthenda ya shuga yayamba kugwira anthu a m'midzi ndi m'matauni mofanana. Kafukufuku amene unduna wa zaumoyo udachita mogwirizana ndi bungwe la WHO mu 2009 adapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 anali ndi nthendayi.

N'chifukwa chake nkhani ya mitundu ina ya shuga, imene akatswiri amaitcha shuga wosowa, yakopa anthu m'maiko ambiri. Wosowa chifukwa m'chilengedwe amapezeka pang'ono zedi. Mitundu iwiri yodziwika kwambiri ndi allulose ndi tagatose.

Kuti timvetse kusiyana kwake, tiyambe ndi shuga wathu wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Akafika m'matumbo amaphwanyika n'kulowa m'magazi mwachangu. Apo kapamba amatulutsa insulini, amene ntchito yake ndi kutsegula njira kuti shugayo achoke m'magazi, alowe m'minofu n'kukhala mphamvu. Munthu akamadya zotsekemera zambiri zaka ndi zaka, makamaka ngati wanenepa ndipo sagwira ntchito zolimbitsa thupi, thupi limayamba kusamvera insulini. Mapeto ake shuga amadzadza m'magazi n'kuwononga maso, impso, mitsempha ndi mapazi.

Allulose amayenda njira ina. Amapezeka pang'ono m'nkhuyu, m'mphesa zouma ndi m'tirigu, ndipo kutsekemera kwake ndi pafupifupi magawo 70 pa 100 a shuga wamba. Amalowa m'magazi, koma thupi silitha kumugwiritsa ntchito, choncho wambiri amatuluka ndi mkodzo. Galamu imodzi ya shuga wamba imapereka makalori 4, pamene ya allulose imapereka 0.4 okha. Katswiri wa ku Japan, Ken Izumori wa payunivesite ya Kagawa, ndiye adapeza njira yomupangira wambiri m'zaka za m'ma 1990. Mu 2019 bungwe loona za chakudya ndi mankhwala ku America la FDA lidalola kuti allulose asamawerengedwe ngati shuga pa zolemba za papaketi.

Tagatose kawirikawiri amapangidwa kuchokera ku shuga wa mumkaka. Amatsekemera pafupifupi ngati shuga wamba, koma wochepa yekha ndiye amalowa m'magazi. Wotsalayo amapitirira kumatumbo aakulu.

Nanga m'thupi la munthu wabwinobwino mumachitika chiyani? Ofufuza akhala akumwetsa anthu opanda nthenda madzi a allulose, kenaka n'kumayeza magazi awo kwa maola awiri kapena atatu. Apeza kuti shuga m'magazi sakwera, ndipo insulini nayenso sasuntha kwenikweni. Akamumwera limodzi ndi chakudya, magalamu 5 kapena 10, shuga amakwerabe koma mocheperako pang'ono.

Mawu oti "pang'ono" asatiphonye. Kafukufuku wambiri adachitika pa anthu ochepa komanso kwa nthawi yaifupi. Shuga ameneyu si mankhwala, ndipo wodwala asasiye mapilisi kapena jakisoni wake chifukwa cha iye. Akachuluka amatupitsa mimba ndi kutsegula m'mimba. Ndi wokwera mtengonso, si katundu woti mayi angamupeze m'golosale ya pa Ulongwe.

Tsono banja la kuno lichitenji? Choyamba, lisanamizidwe kuti uchi kapena mzimbe ndi zosaopsa chifukwa n'zachilengedwe. Zonsezi zimakweza shuga m'magazi. Nsima yoyera, mpunga ndi buledi nazo zimasanduka shuga m'thupi ngakhale sizitsekemera mkamwa. Mgaiwa wokhala ndi ndiwo zamasamba, nandolo, khobwe kapena usipa umathandizako, bola mitanda isachuluke.

Chachiwiri ndi kuwerenga masipuni. Mu 2015 WHO idalangiza kuti munthu wamkulu asapyole pafupifupi masipuni a tiyi 12 a shuga patsiku, kuwerengera ndi wa m'zakumwa ndi m'mabisiketi momwe, ndipo ndi bwino kwambiri akalekezera pa 6. Makapu awiri a tiyi wa masipuni anayi ndi botolo limodzi la chakumwa chozizilitsa kukhosi, malire apyoledwa kale. Kuchotsa sipuni imodzi sabata iliyonse kumathandiza lilime kuzolowera.

Ngati mukumva ludzu losatha, mukukodza pafupipafupi usiku, mukuwonda popanda chifukwa kapena chilonda sichikupola, pitani mukayezetse kuchipatala cha boma cha Machinga ku Liwonde kapena cha Balaka. Kadontho kamodzi ka magazi a pachala n'kokwanira kuyamba nako.