MWANA WODZITSEKERA M'CHIPINDA NDI KOMPYUTA: KODI NDI CHIWANDA?

  

Lero ndikulankhula ndi makolo. Ndiyamba ndi kuvomera kulakwa kwanga, chifukwa mbusa nayenso amalakwa.

Tsiku lina mapemphero atatha, mayi wina anandidikirira pakhomo la tchalitchi. Anati, "Abusa, mwana wanga wandithetsa nzeru. Ali ndi zaka 15. Akangoweruka kusukulu amalowa kuchipinda, chitseko gwa! Amakhala pa kompyuta ya bambo ake mpaka pakati pa usiku. Alibe mnzake ndi mmodzi yemwe. Alendo sawapatsa moni. Mukamamuyankhula sakuyang'anani kumaso. Magetsi akangozima, amakuwa n'kumadzimenya m'mutu. Achibale akuti anamulodza."

Ine ndi changu changa ndinati mubwere naye Lachisanu ku mapemphero a usiku. Anabweradi. Masipika ali pamwamba, ng'oma zikulira, tinamuzungulira anthu asanu, manja pamutu pake, tikufuula. Mnyamata uja anatseka makutu, n'kugwa pansi akulira. Ife tinati chiwanda chikutuluka. Abale anga, munalibe chiwanda mwa mwana uja. Ife ndi amene tinkamupweteka. Ndinazindikira zimenezi patapita miyezi, madokotala atamuona n'kunena kuti ali ndi autism. Ndinapita kunyumba kwawo kukapepesa.

Kodi autism n'chiyani? Mundimvetse bwino. Si misala, si ufiti, si mwano. Ndi mmene ubongo wa mwanayo unakulira, ndipo zizindikiro zake zimaoneka kawirikawiri asanakwanitse zaka zitatu. Dokotala wina, Leo Kanner, wa pachipatala cha Johns Hopkins ku America, analemba za ana 11 otere m'chaka cha 1943. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanenapo kuti pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100 alionse ali ndi autism. Anyamata ndi amene amapezeka nayo kwambiri kuposa atsikana. Zambiri zimayendera chibadwa cha m'banja. Si chifukwa cha katemera, ndipo si chifukwa choti mayi analera molakwika. Mayi amene mukundimvera, tulani katundu ameneyo.

Tsegulani Yohane chaputala 9 mukafika kunyumba. Ophunzira ataona munthu wobadwa wosaona, anathamangira kufunsa kuti wochimwa ndani, iyeyo kapena makolo ake. Yesu anakana zonse ziwiri. Ndiye ife ndife yani kuti tiziloza chala?

Ana amenewa ndi osiyanasiyana. Ena salankhula n'komwe, ena ndi anzeru kwambiri m'kalasi. Koma ambiri amavutika ndi zinthu zitatu. Choyamba, kuwerenga nkhope ndi mawu a anthu. Inu mukaona munthu wakwinya nkhope mumadziwa kuti wakwiya. Iye sazindikira msanga. Nthabwala ndi zining'a amazitenga monga mmene zamvekera. Chachiwiri, phokoso, kuwala kwambiri, ngakhale kukhudzidwa kumene, kwa ena zimapweteka zenizeni. Chachitatu, amafuna zinthu ziziyenda mofanana tsiku ndi tsiku. Kusintha kwadzidzidzi kumawasokoneza.

Tsopano taganizani. Mwana wotere wafika ku sekondale. Anzake ayamba timagulu, kunyogodolana, nkhani za zibwenzi. Iye sakuzitsata. Amuseka, amupatsa dzina, ena amumenya. Akafika kunyumba apeza kompyuta. Kompyuta simuseka. Simuuza kuti ndiyang'ane kumaso. Akadina batani lero, mawa lichitanso chimodzimodzi. Akamalemberana ndi munthu amakhala ndi nthawi yoganiza asanayankhe. Phokoso likachuluka amatsitsa yekha. Mukuona? Nthawi zambiri si kompyuta imene inamulanda anzake. Anayamba wasowa anzake, kenaka anathawira ku kompyuta.

Choncho musanene kuti kompyuta ndi Satana. Bambo wina wa ku Canada, Stuart Duncan, ataona kuti ana a autism akuzunzidwa ndi anzawo pa masewera a Minecraft, anawatsegulira malo awoawo pa intaneti otchedwa Autcraft m'chaka cha 2013, ndipo ana ambiri anapezerako anzawo. Chida chomwecho chikhoza kumanga.

Koma pothawirapo pakhoza kusanduka ndende. Kucheza ndi anthu ndi luso, limakula pochita. Mwana akakhala maola onse m'chipinda, lusolo silikula. Likapanda kukula, kutuluka kunja kumaopsa kwambiri. Kukaopsa, amabwereranso kuchipinda. Tulo timasowa, pomwe wachinyamata amafunika kugona maola 8 mpaka 10. Sukulu imalowa pansi. Ndipo pa intaneti pali afisi ovala chikopa cha nkhosa. Mwana amene amakhulupirira mawu alionse savuta kumupusitsa kuti atumize ndalama kapena zithunzi zake.

Nanga mudziwa bwanji kuti zafika poipa? M'chaka cha 2019 a WHO anavomereza kuti kukodwa ndi masewera a pakompyuta ndi vuto la umoyo. Sanayang'ane kuchuluka kwa maola kokha ayi. Anati muone ngati munthu akulephera kudziletsa, ngati masewerawo aposa kudya, kusamba, sukulu ndi china chilichonse, ndiponso ngati akupitirizabe ngakhale akuona kuti zikumuononga, ndipo zatenga pafupifupi chaka chathunthu. Mwana amene amakonda kompyuta koma akudya, akugona, akupita kusukulu, musamuweruze msanga.

Tichite chiyani tsono? Tiyeni kwa Marko chaputala 7. Anthu anabweretsa kwa Yesu munthu wogontha ndi wovutika kulankhula. Taonani chimene Ambuye anachita poyamba: anamuchotsa pagulu, napita naye pambali payekha. Analankhula naye ndi zizindikiro zimene iye akanatha kumva, kukhudza makutu, kukhudza lilime. Ine ndinamuika mwana uja pakati pa gulu. Yesu akanamutengera pambali. Amen!

Choyamba, musalande kompyuta mwadzidzidzi. Mukatero mwagwetsa nyumba imene iye amabisalamo. Lembani ndondomeko papepala, muimate pakhoma: nthawi ya homuweki, nthawi ya kompyuta, nthawi ya nsima, nthawi yogona. Ikatsala pang'ono kutha nthawi, mumuchenjeze: "Kwatsala mphindi 10." Ndipo zimene mwalembazo muzisunge, inu makolo nonse awiri.

Chachiwiri, kompyuta ichoke kuchipinda, ibwere pabalaza. Usiku foni ndi laputopu zigone kwa makolo.

Chachitatu, kokani mpando mukhale pambali pake. Munene kuti, "Mwanawe, tandiphunzitsa chimene ukuchitachi." Mudzadabwa. Mwana amene mumati salankhula akhoza kukufotokozerani ola lathunthu. Lowani kaye m'dziko lake, ndipo adzalola kutuluka nanu.

Chachinayi, musamuponye m'gulu la achinyamata 50 kuti akachangamuke. Mupezereni mnzake mmodzi wodekha, achite naye chinthu chodziwika: bawo, chesi, kukonza njinga, kudyetsa nkhuku. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachisanu, mupatseni ntchito yeniyeni. Temple Grandin wa ku America, wobadwa mu 1947, anafika zaka zitatu asanayambe kulankhula. Amayi ake sanamusiye pakona. Ankamupatsa ntchito yolandira alendo kunyumba. Anakula n'kukhala pulofesa wa za ziweto pa yunivesite ya Colorado State, ndipo makola a ng'ombe amene iye anajambula akugwiritsidwa ntchito m'malo ambiri. Iye amalangiza makolo kuti achepetse nthawi ya masewera a pakompyuta, ana aphunzire ntchito za manja.

Chachisanu ndi chimodzi, pitani kuchipatala. Yambirani cha kwanuko, akutumizeni ku chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe. Palibe mankhwala ochotsa autism, ndipo wina akakuuzani kuti ali nawo, gwirani thumba lanu. Koma thandizo lilipo, la kalankhulidwe, la maphunziro, la nkhawa. Mwana akasiya kudya, akamadzivulaza, kapena akamanena zofuna kufa, musadikire Lamulungu, pitani lero. Kupita kwa dokotala si kuchepa chikhulupiriro. Luka amene analemba Uthenga Wabwino anali sing'anga.

Ndipo inu mpingo, ndili nanu mawu. Paulo pa 1 Akorinto 12 akutiphunzitsa kuti ziwalo za thupi zooneka zofooka ndi zofunika, sitingakhale popanda izo. Mwana akatseka makutu nthawi ya matamando, musamuyang'ane ndi diso loipa. Muikireni mpando kumbuyo, kutali ndi sipika. Musamugwire musanamufunse. Pa 2 Epulo chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira anthu a autism. Ife tiwakumbukire Lamulungu lililonse.

Mnyamata uja mukufuna kudziwa ali kuti? Ali m'tchalitchi mwathu. Amakhala kumbuyo pa laputopu, atavala zotchinga m'makutu, akuonetsa mawu a nyimbo pakhoma. Sachedwa, salakwitsa. Ali ndi mnzake mmodzi amene amakhala naye patebulopo. Mpaka lero sandiyang'ana kumaso, ndipo autism ikadalipo. Koma sali yekha.

Tiyeni tipemphere. Atate wakumwamba, tikhululukireni pamene tinatcha ana anu mayina osayenera. Limbikitsani mayi wotopa, fewetsani mtima wa bambo wamanyazi. Mwana amene ali yekha m'chipinda usiku uno, mumutumizire bwenzi, ndipo bwenzilo likhale mmodzi wa ife. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.

Ambuye akudalitseni. Tidzakumananso sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino.